Gitala Wanga ndi Ampu ya Maliro

Lolemba

Kabokosi kafika! Achimwene atumiza kuchokera ku Joni, atakakulunga m'masokosi ndi thawulo. Kakuda bii, kali ndi kagalasi kowala ndi timabatani topondera ndi phazi. Anzathu oimba amati ndi puliyampu. Umalumikiza gitala, iko n'kumakonza mawu. Ukaponda apa, gitala akulira ngati uli m'tchalitchi cha m'tauni. Ukaponda apo, akukalipa. Ukapondanso, akubwereza yekha zimene wangoimba.

Ndavala mahedifoni, ndakhudza nsambo imodzi. Mayo ine! Gitala wanga yemweyu, wong'aluka pakhosi uja? Thupi lonse lachita tsembwe.

Vuto ndi limodzi: zokomazi ndikuzimva ndekha. Kabokosi kali ndi nzeru koma kalibe chifuwa. Sikangakankhe sipika. Pambuyo pake pakufunika ampu ina, yongopereka mphamvu basi.

Amake Tadala andipeza ndikugwedeza mutu, maso otseka, m'nyumba muli zii, kukungomveka kwechekweche wa zala pa waya. Akuti, "Anthu akasuzumira pawindo anena kuti mwayamba." Ndawaveka mahedifoni. Amvetsera, amwetulira pang'ono. Kenako: "Ndiye paukwati muziveka munthu mmodzimmodzi?"

Ukwati wake ndi wa mlamu wanga Lonjezo, mng'ono wawo, Loweruka likubwerali. Ndalonjeza kale kuti mkwatibwi adzalowa m'bwalo ndi gitala wanga, osati nyimbo za pa fulashi. Ndalonjeza pa bawo, pachigayo, pamjigo, ndi kwa munthu wina amene amangofunsa njira ya ku Kabudula.

Chifukwa chenicheni sindinauze a pa bawo. Ndi chitengwa. Ndakhala mkamwini m'mudzi muno kuyambira Tadala asanabadwe, pano Tadala wayamba kundiposa kutalika. Kwathu ku Nambuma dimba la malemu amayi likungomera bango. Ndikufuna nditenge banja langa tikakhale kumeneko, nanenso ndizitsokomola pakhomo panga osayang'ana kumbuyo. Wovomereza ndi mmodzi: a Mbewe, atsibweni awo a amake Tadala, mwinimbumba. Nyumba yawo ili kuseri kwa yathu. Akhala chigonere kuyambira nthawi yokolola, miyendo yotupa, phala lokha, ndipo anthu akamawazonda amatuluka akupukusa mitu.

Pulani yanga:
– ampu ipezeke Lachitatu lisanathe
– Loweruka ndiimbe mpaka amayi atulutse misozi
– Lamulungu ankhoswe anga abwere kudzapempha chitengwa, mtima wa nkhalamba udakali wofewa

Maampu amene ndikuwadziwa kuno:
– ya a Kamtedza, m'nyumba ya kanema pa Nsaru
– ya m'galimoto, ili ndi a Yusufu, tenanti wa kuesiteti
– ya kutchalitchi kwathu (inapsa ndi mphezi, ikudikirabe msonkhano wa akuluampingo)
– ya komiti ya maliro. Iyi ayi! Ndaikhwatcha.

Amati mkamwini asamakule mwendo. Wanga Loweruka ukula, koma udzakhala uli pa batani.

Lachiwiri

Ndalowa m'gulu la oimba magitala la pafoni. Ndafunsa mwaulemu kuti ampu yoyendera limodzi ndi kabokosi aka ndi iti. Ndisanaike foni pansi, mayankho mbwee!

"Gula ya kalasi D, ndi yopepuka."

"Kalasi D ilibe moyo. Gula ya mavalavu."

"Mavalavu kumudzi? Ali ndi magetsi ameneyo?"

"Sipika yako ndi ya maomu angati?"

Sipika ndilibe, maomuwo ndiwatenga kuti? Ndayankha kuti ndiona ndikafika kunyumba. Ndili kunyumba komweko.

Awiri ayamba kutukwanizana, mmodzi watuluka m'gulu. Onse akuti "gula", wonena kuti "bwereka" palibe. Koma chimodzi ndatolapo. Ampu yoyenera isakhale ndi maganizo akeake. Kabokosi kamaliza kale kukonza mawu, ampu ntchito yake n'kukweza. Ili ngati womasulira ulaliki, asamawonjezere zake.

Masana, pa Nsaru. Gitala kumsana, kabokosi m'chikwama cha Tadala cha kusukulu. A Kamtedza avomera kuti ndiyese kanema asanayambe. Sindinadziwe kuti anthu amakhala atalowa kale. Mabenchi odzaza! Onse atembenuka kundiyang'ana.

Ampu yawo ndi yolemera ngati thumba la simenti. Batani la besi linathyoka lili kumapeto, anangomatapo chingamu. Ndi ampu ya zibakera ndi mfuti, nyimbo siidziwa.

Ndakhudza nsambo. Malata anjenjemera, fumbi la padenga likugwera anthu m'maso. Gitala akumveka ngati ngolo ikudutsa pamlatho wa matabwa. Ndaponda batani kuti ndikonze, ndaponda lokalipa lija. Sipika yakuwa! Mwana wa mayi wina wayamba kulira, mayiyo akundiloza.

Wina kumbuyo: "Achimwene, chigayo chili kuseriko!"

Winanso: "Tiikireni kanema ife!"

A Kamtedza azimitsa. Akuti ngakhale zikanatheka, Loweruka kuli mpira, ampu siituluka. Nanga bwanji osanena poyamba? "Ndimafuna ndimve nawo."

Ndatuluka nkhope ili pansi. Wogulitsa mandasi pakhomo wandifunsa ngati m'katimo mwaphulika kanthu. Ndati sindikudziwa, ine ndimangodutsa. Gitala ali kumsana.

Kunyumba amake Tadala afunsa kuti zayenda bwanji. Ndati ampu ija ndaikana ndine, siikugwirizana ndi luso langa. Akuti, "Tamva kale. Anadutsa pano a Nasiwelo." A Nasiwelo amakhala kutsidya kwa msewu, ndipo nkhani imawafika mwiniwake asanaimalize kuichita.

Lachitatu

M'mawa, kuesiteti. A Yusufu anabwera kuno kuchokera ku Mangochi kudzalima fodya, ndi munthu wopanda mawu ambiri. Ampu yawo anaichotsa m'minibasi yakufa. Ndi yathyathyathya, ili ndi timagetsi tabuluu m'mbali. Imayendera batire. Andibwereka osafunsa zambiri. Angoti, "Ndi yamphamvu, bwana. Muziyenda nayo pang'onopang'ono."

Sipika satha kubwereka, ili pa wailesi ya akazi awo.

Sipika ina imene ndikuidziwa ili kwa apongozi anga aakazi. Timabokosi tiwiri ta wailesi yawo, imene amamvera mauthenga a maliro ndi mapemphero. Ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso, mwambo suli choncho. Ndatuma amake Tadala. Akana kawiri. Kachitatu apita, abwera ndi kamodzi atakaphimba ndi kansalu koluka. Uthenga wa apongozi: "Kabwere mmene kapitiramo."

Zimene ndalumikiza:
– gitala ku kabokosi
– kabokosi ku ampu ya a Yusufu
– ampu ku kasipika ka apongozi
– zonsezo ku batire ya sola ya m'nyumba, ndazula foni ya amake Tadala ili pa tchaji

Zatheka! Zatheka ndithu! Mawu ang'ono koma oyera. Koyamba gitala wanga wamveka kunja kwa mutu wanga. Nkhuku zaima pakhomo.

Ndapotokola batani pang'ono. Kukoma. Pang'ononso. Kukoma kwambiri. Ndaganiza za bwalo la ukwati, kukula kwake, phokoso la ana, nthungululu za amayi. Ndapotokola kwenikweni.

Phu!

Utsi wochepa, fungo la pulasitiki wopsa. Pepala la m'kati mwa sipika lang'ambika ngati chikondamoyo chogawana. Timagetsi tabuluu tasanduka tofiira.

Ndajambula, ndatumiza m'gulu. Yankho loyamba: "Wasenzetsa mwana thumba la feteleza." Lachiwiri: "Tinakufunsa za maomu." Ena angotumiza tinkhope toseka.

Ndaphimbanso kasipika ndi kansalu kake. Kunja kakuoneka bwinobwino. Maganizo oipa andifikira, koma fungo silikubisika.

Madzulo ndikubweza ampu kuesiteti, ndakumana ndi apongozi panjira ya kumjigo. Mwambo umati mkamwini apatuke pang'ono. Ine ndapatuka mpaka m'munda wa nandolo wa eni ake, njinga yomwe, ndatulukira kudambo. Sindinapatukepo mwaulemu chonchi chikwatirireni.

Uthenga wawo wafika ndisanafike ine: "Auzeni bambo a Tadala kuti zikomo. Ndimamva za maliro kwambiri, andipumitsa."

Batire nayo yatheratu. Foni ya amake Tadala yazima ali pakati pokambirana za diresi ndi telala wa ku Namitete. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angondiyang'ana, n'kupita kukatchajitsa kwa a Nasiwelo. Kwa a Nasiwelo!

Lachitatu latha. Ampu palibe, ndipo m'mudzi muno sipika zachepa ndi imodzi.

Lachinayi

Ndayang'ananso mndandanda wa Lolemba. Yatsala yokhwatcha ija.

Tiyeni tiganize ngati anthu ophunzira. Ampu ndi ampu. Siidziwa ngati anthu akulira kapena akuvina. Waya alibe mwambo.

Imakhala kwa mayi Nabanda, wapampando wa komiti ya maliro. Mudzi unasonkherana kalekale kuti alaliki azimveka pa siwa. Ili m'bokosi lathabwa lobiriwira, la zogwirira za chingwe. Ili ndi batire yakeyake, ndi chimkuzamawu chotuwa, chopindika mbali imodzi. Batani ndi limodzi lokha: kukweza, kutsitsa. Besi palibe, zokometsera palibe.

Ndajambula, ndatumiza m'gulu. Koyamba onse agwirizana! "Imeneyo ndiye yake. Siwonjezera kanthu." "Waipeza kuti?" Ndati kwa mnzanga wina wa zoimbaimba.

Ndapita kukaipempha, mayi Nabanda akuti: "Imeneyi siituluka chabe, bambo a Tadala." Ndafotokoza za ukwati, za kabokosi, za womasulira ulaliki. Lonjezo ndi mwana wawo wa m'kwaya, ndiye mtima wawo wafewa. Malamulo awo: "Muyesere m'nyumba, chitseko chotseka. Chimkuzamawu m'mwamba ayi. Loweruka tidzaikulunga nsalu yoyera kuti isadziwike."

Ndamanga bokosi pakaliyala, chimkuzamawu pamwamba. Chiguduli chophimbira chagwa ndisanafike pamlatho, sindinabwerere.

Zodabwitsa panjira! Abambo awiri avula zipewa ndikudutsa. Mayi wina pamjigo watula ndowa, wagwira pakamwa. A pa bawo asiya kusewera, aimirira. Palibe woseka, palibe wotchula za chigayo. Mbiri ya Loweruka yafala, eti? Ndawabayibitsa ndi dzanja limodzi, mwaulemu koma osadzitsitsa.

Kunyumba. Chitseko chotseka, batani pang'ono chabe. Poyatsa, ampu ikutsokomola kawiri, pho! pho! kenako kulira kwapansipansi ngati njuchi. Ikatero ndiye yakonzeka.

Ndaimba nyimbo imene ndapekera mkwatibwi. Yapang'onopang'ono, yoyendera diresi lalitali, ndaponda batani la m'tchalitchi lija.

Abale inu!

Mawu akutuluka monga momwe ndimawamvera m'mahedifoni. Osachotsera, osawonjezera. Amake Tadala asiya kusefa ufa, aima pakhomo la kuchipinda, sefa ili m'manja. Nditamaliza akuti, "Koma ndiye." Mawu awiri okha, koma kwa iwowo ndi ulaliki wathunthu. Kuseri nakonso atsibweni anali atasiya kutsokomola.

Ndapambana! A Kamtedza akhale ndi zibakera zawo.

Nkhawa ndi imodzi. M'nyumba ndi m'nyumba. Kodi kubwalo, mphepo ikuwomba, a kumapeto adzamva? Woimba weniweni sapita paukwati osayesa. Mayi Nabanda ndi munthu wabwino, koma za zoimbaimba sadziwa.

Lachisanu, m'mawa

Mpata ndi uno. Amayi onse a pabanja, apongozi omwe, apita kuchigayo pa Nsaru ndi chimanga cha ukwati. Ana kusukulu. Pakhomo ndatsala ine, nkhuku, ndi atsibweni m'nyumba mwawo.

Nyimbo imodzi yokha. Ndikwera mumango wa m'mbali mwa msewu, ndimange chimkuzamawu, ndimve mmene zikufikira, nditsitse. Palibe adziwe.

Lachisanu, madzulo

Sindikufuna kulemba. Ndilemba, chifukwa kunja sindingatuluke.

Ndakwera mumango. Nthambi zikutchinga kukamwa kwa chimkuzamawu. Ndasadza ndi chikwanje, ndaponya pansi. Zagwera pamsewu, zina uku, zina uko. Ndati ndichotsa ndikamaliza.

Masamba aawisi pamsewu. Ine, wobadwira m'mudzi, wokulira m'mudzi! Mwana woyamwa amadziwa kuti masamba pamsewu ndiye kuti pali maliro. Ine mutu unali pa mawaya.

Ndatsika, ndakhala pampando pansi pa mtengo, ndayatsa. Pho! pho! Kutsokomola kuja kwamveka mpaka kudambo. Mudzi uno umakudziwa kutsokomola kumeneko kuposa belu la tchalitchi.

Ndayamba nyimbo ya mkwatibwi. Ndatseka maso, ndi chizolowezi changa. Mawu akupita, akukagunda kuphiri, akubwerera. Ndabwereza. Ndabwerezanso. Ndiye ndikumva ngati mawu a amayi akulowa pansipansi, akukwera, akutsika, akuyenda bwinobwino ndi nyimbo. Mumtima ndikuti: kabokosi aka, kali ndi kwaya m'kati? Achimwene sananene!

Ndatsekula maso.

Zimene ndaona:
– amayi pakhonde pathu ndi pabwalo ponse, zitenje kumutu, akulira, a Nasiwelo patsogolo
– abambo pansi pa mthethe, zipewa m'manja
– apanjinga atsika chifukwa cha masamba, akukankha mwakachetechete
– mitolo ya nkhuni, mbale za ufa, mphasa
– aphunzitsi ndi kalasi yonse ya Tadala, Tadala pakati
– adzukulu okumba manda, makasu pamapewa, akudikira kuti awalozere malo

Palibe amene analowa kwa atsibweni. Amadikira eni mbumba abwere kuchokera kuchigayo. Ndipo palibe anafunsa. Afunsiranji? Dzulo anandiona ndi bokosi lobiriwira, anadziwa kuti nkhalamba yatsala pang'ono. Zipewa zija sizinali zanga.

Ndinayenera kusiya pomwepo. Zala zakana. Ukasiya ndiye uyankhula, ukayankhula unena chiyani? Ndapitiriza kuimba, thukuta kamukamu. Mkulu wina wandinong'oneza: "Pitirizani, bambo. Mukutitonthoza."

Kenako chitseko cha kuseri, kwee.

A Mbewe. Ndodo m'manja, bulangete paphewa, miyendo yotupa yomweyo. Munthu amene sanaone dzuwa chikololereni. Ayenda pang'onopang'ono mpaka pakona ya nyumba yathu, ayang'ana khamu lonse.

"Watisiya ndani?"

Zii. Ampu yokha ikulira ngati njuchi.

A Nasiwelo akuwa, athawa, asiya patapata mmodzi. Amayi ena awatsatira mpaka kunkhokwe. Mdzukulu wina waponya khasu. Kenako mmodzimmodzi, maso onse kwa ine. Ndayang'ana kabokosi ngati kalakwa ndi iko.

Choipitsitsa sindicho. Amake Tadala afika akuthamanga, opanda mpango, ufa ausiya pamsewu. Wanjinga wina anawauza ali kuchigayo. Atsibweni amenewa ndiwo anawalera, ndiwo anawalipirira sukulu. Alira njira yonse kuchokera pa Nsaru. Apeza atsibweni ali chiimire, awagwira manja, awagwira nkhope. Kenako atembenuka, aona mango, chimkuzamawu, masamba, ine. Alowa m'nyumba. Manyazi a kwa a Kamtedza anali masewera. Awa andilowa mpaka m'mafupa.

Zotsatira zake:
– mafoni anali atapita kale. Abale a ku Mchinji ndi a ku Kasungu ali m'maminibasi, sangabwerere
– akuchimuna ku Mpingu anamva kuti ukwati waimitsidwa, anamasula mbuzi. Akuzisakasaka
– mgolo umodzi wa thobwa la ukwati wamwedwa ndi olira
– adzukulu akuti makasu akatuluka sabwerera ouma. Atenga tambala wanga wofiira uja
– aphunzitsi akuti ana ataya phunziro la masamu, ana akundithokoza

Mayi Nabanda abwera okha, atsitsitsa chimkuzamawu, asenza bokosi pamutu. Pochoka angoti, "Ndinati m'mwamba ayi."

Masamba ndachotsa. Mochedwa, koma ndachotsa.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Dzulo ndinakondwa.

Loweruka

Ukwati ulipo. Gitala palibe. Palibe wanena kuti ndisaimbe, angondipatsa nkhwangwa.

Ntchito zanga lero:
– kuwaza nkhuni
– kutunga madzi ndi ngolo
– kutsuka mapoto kuseri kwa chisakasa cha ophika
– kusaoneka

Nyimbo akuika ndi mnyamata wa ku Namitete, za pa fulashi. Besi wachulukitsa, sipika imodzi ikung'ung'udza, mawu onse aphwanyika. Ampu yake ikuwonjezera zake zokhazokha. Palibe akudandaula. Onse akuvina! Ndanena kwa wophika mnzanga kuti maomu sakugwirizana. Wandipatsa poto wina.

Anthu achuluka kuposa mpunga. Abale amene ananyamukira maliro afika dzulo madzulo ndi zovala zakuda, opanda mphatso, ndi njala ya ulendo. Akuti poti tabwera kale. Apongozi aakazi akuwerenga mbale ndi maso, kenako akuyang'ana kumene kuli ine. Ndalowa pansi pa ngolo ngati ndikukonza tayala.

Mkwatibwi walowa ndi nyimbo ya pa fulashi. Yaduka pakati, ayambiranso. Ndamvera kuseri, manja ali m'madzi a sopo. Ndikanaimba bwino kuposa pamenepo. Ndikudziwa, ndipo zikundipweteka.

Koma mwini tsiku si Lonjezo. Ndi a Mbewe. Avala jekete ya ukwati wawo, akhala kutsogolo. Mzere wowapatsa moni watalika kuposa wa akwati. Aliyense akufuna awagwire dzanja, aone ngati ndi lofunda. Iwo akumwetulira, akufunsa aliyense kuti, "Dzulo munalipo?" Amene akuti ayi akumuyang'anitsitsa.

Woyendetsa mwambo pa perekaniperekani: "Tsopano mbali ya amene anabwera dzulo! Dzulo munapereka misozi, lero tione zina!" Bwalo lonse kuseka. Kenako: "Mkamwini wa gitala ali kuti? Atiimbire, koma masamba asiye mumtengo!" Ndamira m'chisakasa.

A Mbewe avina. Ndi ndodo, mapazi osanyamuka kwenikweni, koma avina. Nthungululu mpaka ku esiteti.

Ana kuseri kwa nkhokwe anyamula thabwa pamapewa, akuyenda pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo yanga. Aigwira yonse, osaphonya. Kunena zoona ndi nyimbo yabwino.

Wachibale wa mkwati wandipeza pamapoto: "Pepani, ndinu aja?" Ndati ayi, aja ndi achimwene anga, timafanana.

Lonjezo wadutsa ndi diresi lake popita kukajambulitsa. Waima, wandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Alamu, zikomo posaimba." Chilamu ndi nthabwala, ndikudziwa. Koma sanaseke.

Amake Tadala andibweretsera mbale. Kabichi ndi msuzi. Aika pansi, abwerera. Chiyambire dzulo sanandiyankhule.

Mawa ankhoswe anga akubwera. Ndayesa kuwaimbira kuti asinthe tsiku. Foni yawo siikupezeka.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndati mutu.

Ankhoswe anga, a Mwale, afika kuchokera ku Nambuma dzuwa litakwera. Nkhani aimva kale katatu panjira, mosiyanasiyana. Kwina akuti ndinaukitsa munthu. Angondiyang'ana n'kunena kuti, "Tafika kale, tiyeni."

Pakhonde pa a Mbewe. Iwo pampando, mbale ya mpunga wotsala ndi nyama pamiyendo. Munthu wa phala uja! A Mwale pa kampando. Amake Tadala ndi amayi awo pamphasa. Ine ndanjuta patali, pafupi ndi khola, pamalo pondiyenera.

A Mwale ayamba ndi kupepesa. A Mbewe akweza dzanja.

Akuti Lachisanu atagona anamva nyimbo ikuchokera kumwamba, yokoma, yopanda mwini. Anati basi, ndapita. Ndipo sanaope. Anangodikira kuti awatenge. Kenako anamva kulira kwa a Nasiwelo, ndiye anati ayi, kumwamba uyu sangafike msanga chonchi. Ndi pomwe anafuna ndodo.

"Munthu saona maliro ake. Ine ndaona anga, ndipo anayenda bwino. Anthu anabwera. Amene sanabwere ndawadziwa."

Mtima wanga wayamba kubwerera m'malo. A Mwale aona mpata, alowetsa nkhani ya chitengwa. Dimba la ku Nambuma, zaka zimene ndakhala, ana akula. Ayankhula bwino, ine ndemwe ndinatsala pang'ono kudzimvera chisoni.

A Mbewe atafuna nyama nthawi yaitali.

"Sindikukana. Mkamwini uyu ndi wabwino, ngakhale amakwera mitengo. Koma nyimbo ija ndikuifuna pa tsiku lenileni. Yomweyo, ndi kabokosi komweko, ndi ampu yomweyo. Ku Nambuma ndi kutali, angadzachedwe. Ayambe wandiika, akatero atenge mkazi wake azipita."

A Mwale awomba m'manja. Nanenso ndawomba. Ungatani? Amake Tadala aweramitsa mutu, koma mapewa awo amagwedezeka.

Masana mayi Nabanda atumiza uthenga. Komiti yakumana. Chilango changa: kuyambira lero maliro alionse a m'mudzi muno woimba ndine. Akuti anthu sanalirepo mwadongosolo ngati Lachisanu. Bokosi lobiriwira lizikhalabe kwa iwo.

M'gulu la pafoni wina wafunsa kuti pamapeto ndasankha ampu iti. Ndayankha zoona: ya batani limodzi, yosawonjezera kanthu, imagwirizana ndi kabokosi ngati zinabadwira limodzi. "Ndiye uziimba kuti?" Ndati anthu andibuka kale, ndipo kumeneko ntchito siitha.

Zotsala:
– sipika ya apongozi
– tambala
– dimba la ku Nambuma, bango likulabe

Amake Tadala andiyankhula madzulo ano, akusenda mbatata, osandiyang'ana: "Nyimboyo inali yabwino. Koma ine mukadzandiimbira, muyambe mwaonetsetsa."

Ndiye ndikudikira. Sindikufunira munthu zoipa, Mulungu akuona. Ndangoti ndisuzumire kuseri, ndione mmene nkhalamba ilili. Ndawapeza ali panja, opanda bulangete, akuyeza malo ndi ndodo. Apempha mbale yachiwiri ya mpunga.

Andiitana. Akuti mawa m'mawa ndibwere ndi khasu, ndiwakumbire maenje kuseri kwa nyumba.

Maenje a mbande za mango. Akuti akufuna adzadye zipatso zake.